Nkhono zoyenda pa galimoto: mmene maboti a zosangalatsa amafalitsira zamoyo zachilendo m'nyanja

Mu Januwale 2007, panyanja ya Mead, yomwe ili kumbuyo kwa damu la Hoover m'malire a zigawo za Nevada ndi Arizona ku United States, panapezeka tinkhono ta zigoba ziwiri, tating'ono ngati chikhadabo, titamatirira pansi pa madzi pafupi ndi doko la maboti. Akatswiri atatiyeza anatsimikiza kuti tinali ta mtundu wotchedwa quagga mussel, ndipo nkhaniyi inawathetsa nzeru chifukwa kufikira nthawi imeneyo mtunduwu unkadziwika chakum'mawa kwa dzikolo kokha, pamtunda wa makilomita oposa 1,500. Palibe mtsinje wolumikiza madera awiriwa, pakuti pakati pake pali mapiri a Rocky ndi zipululu. Nkhono siuluka, ndipo yamtunduwu ikakula siyenda mtunda wautali payokha. Yankho limene akatswiri ambiri anagwirizanapo ndi lakuti tinkhonoto tinadzera pamsewu, titakangamira boti la munthu wopita kokasangalala, lomwe linali pa ngolo yokokedwa ndi galimoto.

Kwawo kwenikweni kwa quagga mussel ndi ku mtsinje wa Dnieper ku Ukraine, pamene mbale wake wotchuka kwambiri, zebra mussel, amachokera kumadera ozungulira nyanja za Black Sea ndi Caspian. Dzina la zebra linabwera chifukwa cha mizeremizere ya pachigoba yonga ya mbidzi, ndipo winayo anamutcha quagga potengera mtundu wa mbidzi wa ku South Africa wa mizere yosaoneka bwino, umene unatheratu mu 1883. Mitundu iwiriyi inaoloka nyanja ya Atlantic m'mimba mwa sitima zikuluzikulu za katundu. Sitima ikatsitsa katundu imapepuka, choncho imapopera madzi a padoko m'matanki ake kuti isapendekeke panjira, ndipo ikafika kokanyamula katundu wina imakhuthula madzi aja pamodzi ndi chilichonse chamoyo chimene chinalowamo. Njira ya St. Lawrence Seaway itatsegulidwa mu 1959, sitima zochokera ku Ulaya zinayamba kufika mpaka m'kati mwa nyanja zisanu zikuluzikulu za m'malire a United States ndi Canada. Zebra mussel anapezeka m'nyanja ya St. Clair pafupi ndi mzinda wa Detroit mu 1988, ndipo quagga anaoneka m'nyanja ya Erie chaka chotsatira.

Khomo la sitima zikuluzikulu linali losavutirapo kuliyang'anira, chifukwa sitimazo n'zowerengeka, zili ndi eni ake odziwika, ndipo zimadutsa pa zipata zochepa. Dziko la United States linakhazikitsa lamulo mu 1990 ndi kuliwonjezera mphamvu mu 1996, sitima zinayamba kukakamizidwa kusintha madzi a m'matanki zili pakati pa nyanja yamchere, ndipo pangano la mayiko pa nkhaniyi linayamba kugwira ntchito mu 2017. Koma pofika nthawi imeneyo mlendo anali atalowa kale m'nyumba. Akulu amati mlendo ndi mame, koma uyu dzuwa litatuluka sanakamuke. Chimene chinatsala ndi funso la mmene angafikire m'nyanja zing'onozing'ono zikwizikwi za kumtunda, zimene sitima ya katundu siingafikeko, ndipo apa ndi pamene boti la munthu wamba limalowa m'nkhani.

Kuti timvetse chifukwa chake boti laling'ono lili loopsa chotere, tiyenera kuona moyo wa kankhonoka. Yaikazi imodzi imatha kutulutsa mazira okwana miliyoni imodzi pachaka. Mazirawo akaswa, pamatuluka timphutsi tosaoneka ndi maso, timene timayandama m'madzi kwa masabata angapo tisanapeze pokhazikika. Munthu akhoza kutunga madzi a m'nyanja m'chidebe, n'kuwaona ali mbee, koma muli timphutsi tambirimbiri. Kamphutsi kakapeza chinthu cholimba, kaya ndi mwala, paipi, nangula, thupi la boti kapena chigoba cha nkhono inzake, kamatulutsa timaulusi tolimba tonga ulimbo n'kudzimangirira pomwepo. Nkhono za m'madzi opanda mchere za ku North America zilibe khalidwe limeneli, zimangodzikwirira m'matope, ndipo n'chifukwa chake mapaipi ndi madamu a kumeneko sanamangidwe moganizira chamoyo chomatirira. Kuwonjezera apo, nkhono yaikulu ikatulutsidwa m'madzi imatseka zigoba zake n'kukhala yamoyo kwa masiku angapo kunja kukatentha, ndipo kukakhala kozizira ndi kwachinyontho imapirira kwa masabata. Ulendo wa pagalimoto wodutsa dziko lonse la United States umatenga masiku anayi kapena asanu okha.

Tsopano tiyang'ane boti lenilenilo pamene likutuluka m'madzi madzulo a Lamlungu. Mwini wake amabweza galimoto chafutambuyo pa chitsetse cha simenti mpaka ngolo itamira, n'kukokerapo boti. Ngolo ija potuluka imakolowola udzu wa m'madzi umene umazengezeka pa ekiselo, pa magetsi a kumbuyo ndi pansi pa matabwa ogonekapo boti. Pansi penipeni pa boti, kunsi kwa poponda, pamakhala madzi amene analowa masana onse. Asodzi a mbedza amakhala ndi kabokosi kosungiramo nsomba zamoyo, kamene kamapopa madzi a m'nyanja momwemo, ndiponso chidebe cha nyambo. Injini imaziziritsidwa ndi madzi a m'nyanja, ndipo ena amatsalira m'njira zake ikazimitsidwa. Chingwe cha nangula chimakulungidwa chili chonyowa ndi matope n'kuponyedwa m'kabati kamdima. Ofufuza amene anayang'ana maboti otuluka m'nyanja ya St. Clair anapeza kuti pa maboti ongokhala m'madzi tsiku limodzi, nkhono zazikulu sizinkamatirira kwenikweni pa thupi la boti, koma zinkakwera pa udzu wokodwa pa ngolo, pamene timphutsi tinkapezeka m'madzi otsalira. Maboti amene amagona padoko miyezi yathunthu ndiwo amamera nkhono pa thupi pomwe, ndipo oterewa akagulitsidwa kwa munthu wakutali amasamuka ndi mudzi wonse.

Pali mtundu wina wa boti umene wawonjezera vutoli m'zaka zaposachedwa. Anthu okonda kutsetsereka pa mafunde atagwira chingwe kumbuyo kwa boti amafuna mafunde aakulu, choncho maboti awo ali ndi matanki amene amadzazidwa madzi a m'nyanja kuti boti lilemere n'kumira pang'ono kumbuyo. Matanki amenewa satha kukhuthulidwa mpaka dontho lomaliza, ndipo woyendera maboti sangaonemo. Kunena mwachidule, chimene maboma analimbana nacho pa sitima za katundu chabwereranso pa boti la masewera.

Boti limodzi silingadetse nkhawa, koma ku United States kuli maboti olembetsedwa pafupifupi 12 miliyoni. Chigawo cha Minnesota chokha chili ndi nyanja 11,842 ndi maboti oposa 800,000, ndipo msodzi amene sanaphe kanthu m'mawa panyanja ina amangokweza boti n'kukayesa ina masana. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo ndi momwemo mmene zamoyozi zafalira: nyanja imodzi ikagwidwa, imasanduka poyambira pa ulendo wotsatira. Si nkhono zokha ayi. Udzu wotchedwa Eurasian watermilfoil umamera kuchokera ku kachidutswa kamodzi kodulidwa ndi chopalasira cha injini, ndipo unapezeka m'nyanja ya Minnetonka mu 1987 usanafalikire kwina m'chigawocho. Kanyama kotchedwa spiny water flea kamaunjikana pa chingwe cha mbedza ngati thonje lonyowa, ndipo mazira ake amapirira m'matope a pa nangula. Ku New Zealand, ndere zotchedwa didymo zinapezeka mu mtsinje wa Waiau mu 2004, ndipo boma linafika poletsa nsapato za asodzi za zidendene za nsalu yokhuthala, chifukwa nsaluyo imasunga chinyontho kwa nthawi yaitali.

Chitsanzo cha ku Ireland chimaonetsa kuti nthawi zina chiyambi chimakhala kutali kwambiri ndi madzi. Dzikolo linakhala lopanda zebra mussel kwa zaka zoposa 150 chifikireni nkhonoyi ku Britain. Mu 1993 malamulo a msonkho anasintha moti kugula boti logwiritsidwapo ntchito ku Britain kunatchipa, maboti ambiri anaoloka pa magalimoto, ndipo mu 1997 nkhonoyi inapezeka mu mtsinje wa Shannon itakhazikika kale. Akatswiri amakhulupirira kuti inabwera pa matupi a maboti amenewo. Amene anasintha lamulo la msonkho sankaganizako za nkhono.

Kodi tinkhono tating'ono chonchi timawononga chiyani? Choyamba kuonekera ndi mapaipi. Timamatirirana tokhatokha mosanjikizana mpaka paipi yaikulu yotunga madzi imatsala ndi kanjira kochepa, ndipo pa fakitale ina ya magetsi ku Michigan anawerengapo nkhono pafupifupi 700,000 pa sikweya mita imodzi. Kumapeto kwa 1989, tauni ya Monroe m'chigawo chomwecho inakhala masiku angapo yopanda madzi a m'mipopi pamene nkhono ndi madzi oundana zinatseka paipi yotunga madzi m'nyanja ya Erie. Chiyambire nthawi imeneyo, mabungwe a madzi, a magetsi ndi a ulimi wothirira amalipira chaka ndi chaka kupala, kuthira mankhwala ndi kutumiza anthu omira pansi pa madzi, ndipo ndalamazo pamapeto pake zimatuluka m'thumba la wolipira bilu, ngakhale amene sanakwerepo boti chibadwire.

Kuwonongeka kwakukulu n'kumene sikuoneka msanga, ndipo poyamba kumaoneka ngati dalitso. Nkhono imodzi imasefa pafupifupi lita imodzi ya madzi patsiku, kudya tizomera tating'onoting'ono toyandama. Zikakhala mabiliyoni, madzi a nyanja amayera mochititsa kaso, moti alendo amayamikira kuti nyanja yasamalidwa. Koma tizomera tija ndiwo maziko a chakudya cha nyanja yonse, monga mmene usipa umadalira tizilombo toyandama, nazonso nsomba zikuluzikulu n'kudalira usipa. M'nyanja za Michigan ndi Huron, kanyama konga nkhanu kakang'ono kotchedwa Diporeia, kamene kanali chakudya chachikulu cha nsomba za pansi, kanachepa kwambiri quagga atadzaza pansi pa nyanja, ndipo nsomba ya whitefish, imene asodzi a malonda ndi mitundu ya anthu oyambirira a kuderalo amadalira, inayamba kuonda ndi kuchepa. Madzi oyera amalolanso dzuwa kufika pansi, choncho ndere zazitali zimamera mochuluka, kenako n'kukokoloka kudzawolera pagombe ndi fungo loipa. Nkhono za m'deralo zimafa chifukwa alendowa amamera pa zigoba zawo mpaka kuzilepheretsa kutsegula pakamwa. Ngakhale mwana wosewera pagombe amazindikira kusinthaku, pakuti zigoba zakufa n'zakuthwa ngati lumo ndipo sangayendenso wopanda nsapato.

Funso limene munthu aliyense amafunsa ndi lakuti, bwanji osangozipha? Zinathekapo, koma pamalo ochepa kwambiri. M'chigawo cha Virginia ku United States, dziwe la pa mgodi wakale wa miyala wa Millbrook linathiridwa mankhwala a potashi mu 2006 ndipo nkhono zonse zinafa, chifukwa linali laling'ono ndiponso lopanda mtsinje wotulukamo. Ku Canada, zebra mussel atapezeka m'nyanja ya Winnipeg mu 2013, boma la Manitoba linatseka madoko anayi chaka chotsatira n'kuthiramo potashi yemweyo. Nkhono za m'madokomo zinafa, koma zina zinali kale kunja, ndipo lero nyanjayo ili nazo. Mu Seputembala 2023 timphutsi ta quagga tinapezeka mu mtsinje wa Snake pafupi ndi Twin Falls ku Idaho. Mtsinjewu umathira mu mtsinje wa Columbia, umene chigwa chake chinali chachikulu chomaliza ku United States chisanagwidwe, chodzaza ndi madamu a magetsi. Akuluakulu a chigawocho anasankha kuthira mankhwala a kopa mu mtsinje, akudziwa bwino lomwe kuti nsomba zambiri zifa, kuphatikizapo sturgeon zikuluzikulu za zaka makumimakumi. Zinafadi, ndipo chaka chotsatira timphutsi tinapezekanso, mankhwala n'kuthiridwanso. Ndi kovuta kuwaweruza anthu amenewa, pakuti anali kusankha pakati pa imfa yooneka ya chaka chimodzi ndi kusintha kwa mtsinje kosabwereranso.

Popeza kuchiza kuli kotere, mphamvu zonse zapita ku kutchinga, ndipo uthenga wake ndi wa mawu atatu: tsukani, khuthulani madzi, umitsani. Ku Minnesota lamulo limati chitsekero cha pansi pa boti chikhale chozula nthawi yonse imene boti lili pamsewu, nyambo yotsala itayidwe m'bini osati m'madzi, ndipo timilatho toyimikapo maboti tiume masiku 21 tisanaikidwe m'nyanja ina. Wophwanya amalipira chindapusa. Mu 2015 chigawochi chinayamba kupatsa maboma ake ang'onoang'ono madola 10 miliyoni pachaka a ntchito yomweyi. Kumadzulo, zigawo monga Montana, Idaho ndi Alberta ya ku Canada zili ndi malo oyenderapo m'misewu yolowera, onga marodibuloko athu, pamene aliyense wokoka boti ayenera kuyima, ngakhale atanyamula kabwato ka pulasitiki padenga la galimoto. Woyendera amafunsa kumene boti linali komaliza ndi tsiku limene linatuluka m'madzi, kenako amagwada n'kusisita thupi la boti ndi chikhatho, chifukwa tinkhono tatsopano sitioneka koma timamveka m'manja ngati mchenga. Amaunika ndi tochi m'ming'alu ya pa injini, amatsitsa injiniyo kuti aone ngati mutuluke madzi, ndipo kwina amabwera ndi agalu ophunzitsidwa kununkhiza nkhono. Boti likakayikitsa limatsukidwa ndi madzi otentha madigiri 60, amene amapha nkhono m'masekondi ochepa. Panyanja ya Tahoe, m'malire a California ndi Nevada, pamene kuyendera kwakhala kokakamiza kuyambira 2008, boti loyenderedwa limamangidwa kawaya kolumikiza boti ndi ngolo, kotero kuti kawayako kakapezeka kali kosaduka, woyendera amadziwa kuti silinalowe m'madzi ena.

Njirazi zili ndi zofooka zimene ngakhale ozichirikiza amavomereza. Malo oyenderapo ambiri amatseka usiku, ndipo amagwira ntchito m'miyezi yotentha yokha. Nyanja zambiri zili ndi madoko a anthu eni amene boma silifikako. Woyendera akhoza kugwira maboti 999, koma la chikwi limene ladutsa pakati pa usiku n'lokwanira. Pali anthu amene amati, poona zimenezi, ndalamazo zikungotayidwa popeza nkhono zidzafika ndithu. Maganizo amenewa sindigwirizana nawo, chifukwa chaka chilichonse chimene damu la magetsi lakhala lopanda nkhono ndi chaka chimene silinalipire kupala mapaipi, ndiponso nyanja ya Tahoe, imene imalandira maboti ochokera kufupi ndi Mead, yakhala yopanda zebra ndi quagga zaka zonsezi. Kuchedwetsa mliri ndi phindu ndithu, ngakhale silioneka ngati chipambano. Ena amati mbalame za m'madzi ndizo zimafalitsa, choncho kuvutitsa eni maboti n'kulakwa. Mbalame zikhoza kunyamula zina mwa apo ndi apo, koma mapu a nyanja zogwidwa amatsatira misewu ndi madoko otchuka, osati njira zimene mbalame zimauluka posamuka.

Mkangano weniweni uli pa ufulu wofika panyanja. Ku North America anthu amaona kuti madzi ndi a aliyense, ndipo lamulo lililonse lolepheretsa munthu kutsitsa boti limawawa. Zebra mussel atapezeka m'nyanja ya Clear, m'nkhalango yotetezedwa ya Riding Mountain ku Manitoba kumapeto kwa 2023, bungwe la Parks Canada linaletsa maboti a anthu panyanjapo m'chaka cha 2024, ndipo eni malo ogona alendo ndi obwereketsa maboti anadandaula kuti malonda awo alowa pansi. Mbali inayo, pali kukayikira kwakuti eni nyumba za m'mphepete mwa nyanja, amene ambiri ndi opeza bwino, amagwiritsa ntchito nkhani ya nkhono pofuna kutsekera kunja anthu wamba obwera ndi maboti pa ngolo. Kukayikiraku sikuti kulibe maziko nthawi zonse, ndipo lamulo limene anthu aliona ngati la tsankho amalizemba, chikhalirecho ntchito yonseyi imadalira kuti munthu wotopa, ana akulira m'galimoto, agwade pansi pa ngolo kuchotsa udzu pamene palibe womuona.

Ife a kuno nkhani ya chamoyo chachilendo m'madzi sitichita kuimva kwa ena. Namasupuni, amene kwawo ndi ku South America ndipo anafalitsidwa padziko ngati duwa lokongoletsa, anadzaza mu mtsinje wa Shire, ndipo pamodzi ndi zinyalala zina za m'madzi wakhala akutseka masefa a malo opangira magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, zimene n'zofanana ndi zimene nkhono zimachita m'mapaipi a ku Michigan. Panyanja ya Kariba, udzu wa Salvinia unaphimba pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a nyanjayo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo lero nkhanu ya ku Australia yotchedwa redclaw ili mu Kariba ndi mu Kafue, kumene imadya nsomba zokodwa m'maukonde asodzi asanavuule. Kunena chilungamo, zimenezi sizinabwere ndi maboti a zosangalatsa, zinadzera m'minda ya maluwa ndi m'maiwe oweta nsomba. Koma chamoyo chikangofika m'dera, chilichonse chonyowa chimene chimachoka m'madzi ena kupita ena chimatha kuchipititsa patsogolo, kaya ndi khoka, bwato lokwezedwa pa lole, kapena boti la mlendo limene sabata yatha linali pa Kariba kukawedza ndipo lero likutsitsidwa ku Mangochi. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse padziko, yambiri mwa iyo yosapezeka kwina kulikonse, ndipo mbuna zimadya ndere za pa miyala yomweyo imene chamoyo chomatirira chingafune kukhalapo.

Zebra ndi quagga ndi nkhono za kumadera ozizira, choncho si zimene zingatidetse nkhawa kwambiri kuno. Koma zili ndi mnzake wa khalidwe lomwelo amene amakonda madzi ofunda, wotchedwa golden mussel, wochokera ku China ndi kum'mwera chakum'mawa kwa Asia. Anafika pa Río de la Plata ku Argentina mu 1991 m'matanki a sitima, ndipo kuchokera pamenepo anakwera mitsinje ya Paraná ndi Paraguay molimbana ndi madzi, atamatirira pansi pa maboti, mpaka kufika pa damu la Itaipu ndi m'madambo a Pantanal ku Brazil. Mu Okutobala 2024 anapezeka koyamba ku North America, pafupi ndi doko la Stockton ku California, ndipo miyezi yotsatira oyang'anira madamu angapo m'chigawocho anayamba kulamula kuti boti lililonse liyenderedwe ndi kukhala pamtunda masiku 30 lisanaloledwe kulowa m'madzi awo.